Dola ya pa Mwami ndi kafukufuku wa ku Zomba sizinatinamize

Chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 chinapita, koma mkangano wake sunathe kuno ku Mchinji. M'minibasi zochoka pa Kamwendo kupita ku boma, pamaliro abambo akakhala pansi pa mtengo kudikira mwambo, ngakhale pa sikelo za mavenda a mtedza, anthu akutsutsanabe pa nkhani ziwiri. Gulu lina likuti anthu ochita kafukufuku wa maganizo a anthu anagulidwa, ndipo manambala awo ndiwo anasokoneza ovota mitu. Gulu lina likuti anyamata osintha ndalama pa boda ya Mwami, pamodzi ndi anzawo a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndiwo anapha kwacha mpaka boma kugwa. Ine ndikukana zonse ziwiri. Mtengo wa dola wa pamsewu ndi kafukufuku wochitidwa mwadongosolo zinkangonena zimene zinali kale m'matumba ndi m'mitima ya anthu, ndipo zinanena zoona kuposa mtengo wa kubanki ndi khamu la pamisonkhano ya ndale. Wakutsina khutu ndi mnansi. Aliyense wolamula dziko lino, kaya ndi wa chipani chiti, ayenera kumvera zinthu ziwirizi m'malo mozitukwana.

Ndiyambe ndi ndalama, chifukwa ife a m'malire timaiona ikufooka tsiku ndi tsiku anzathu a ku Capital Hill asanalembe lipoti. Mu Meyi 2022 Reserve Bank inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inaichepetsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Chaka chotsatira mtengowo unasuntha pang'ono kufika pa K1,751, ndipo unaima pomwepo ngati chitsa mpaka tsiku lovota. Munthu wongowerenga pepala la kubanki akanati kwacha yakhazikika. Koma kumayambiriro kwa 2025 dola yomweyo pabulaki inali itadutsa K4,000. Tsono funso ndi lakuti, pa mitengo iwiriyi woona ndi uti? Yankho langa ndi losavuta: mtengo woona ndi umene ukapita ndi ndalama zako umabwerako ndi katundu. Ine ndinapitapo ku banki ina kukafuna madola ochepa oti ndiitanitsire sipeya ya chigayo, ndipo anandiuza mwaulemu kuti ndilembetse dzina, adzandiimbira. Sanaimbe. Mtengo wa K1,751 unali wolembedwa bwino pakhoma, koma dola panalibe. Wogulitsa amene walemba pa thumba la chimanga kuti K10,000 koma m'nkhokwe mulibe ndi njere yomwe, sanatsitse mtengo wa chimanga.

Kusiyana kwa mitengo iwiriyi si nkhani ya anthu a masuti okha. Amene amakulipira ndi mlimi, makamaka wa fodya, ndipo apa ndikufuna ndichedwepo. Fodya ndiye mbewu imene imabweretsa ndalama zakunja zambiri kuposa ina iliyonse m'dziko muno, ndipo ku okushoni, kaya ku Kanengo kaya ku Chinkhoma ku Kasungu, amagulidwa pa madola. Koma mlimi wamng'ono wa kwa Mkanda sagwira dola m'manja. Imene imalowa mu akaunti yake ndi kwacha, yosinthidwa pa mtengo wa kubanki. Tiyerekeze kuti wagulitsa belo la makilo 100 pa madola awiri pa kilo. Apeza madola 200, amene pa K1,751 ndi K350,200, asanadule za thiransipoti, za msika ndi ngongole. Madola omwewo pa K4,000 akanakhala K800,000. Tsopano mlimi uja akapita kukagula feteleza, mankhwala, malata kapena tayala la njinga, wasitolo amamuwerengera mtengo wa pamsewu, chifukwa naye dola yoodera katunduyo anaipeza kumeneko. Ndiye kuti munthu mmodzi yemweyo akugulitsa thukuta lake pa mtengo wotsika ndi kugula zofunika zake pa mtengo wokwera. Ndalama yapakatiyo sisowa mumlengalenga. Imapita kwa amene ali ndi mwayi wopatsidwa dola yotchipa ya kubanki, ndipo ameneyo kawirikawiri si mlimi. Uwu ndi msonkho umene Nyumba ya Malamulo sinakambiranepo, wokhometsedwa kwa anthu amene amadzuka mbandakucha kukathirira nazale mu Seputembala. Mlimi sangathe kufotokoza zimenezi m'Chingerezi cha azachuma, koma amadziwa bwino kuti mabelo omwe kale ankagula matumba khumi a feteleza lero sakugulanso khumi, pamene thumba limodzi la makilo 50 linadutsa K100,000.

Amene amaloza chala osintha ndalama ali ndi mfundo, ndipo ndiinene mwachilungamo. Akuti malonda amenewa ndi oletsedwa ndi lamulo, akuti ena mwa anthuwa amabisa madola dala kuti mtengo ukwere, komanso akuti pali akuluakulu amene amatenga dola kubanki pa mtengo wotsika n'kukaigulitsa kumsewu. Zonsezi ndikuzivomereza, ndipo wa katangale wotereyu ayenera kumangidwa. Komabe tifunse: n'chifukwa chiyani malonda otere ali ndi phindu? Ali ndi phindu chifukwa mitengo ilipo iwiri. Mnyamata woima ndi mpukutu wa ndalama pa Mwami sangapange yekha njala ya madola ya dziko lonse, amangodyerapo pa njala imene waipeza. Mukamumanga lero, mawa paima wina, ndipo mtengo ukwera chifukwa ntchitoyo yaopsa. Taonani zimene zinachitika ndi mafuta a galimoto. Kuyambira Novembala 2023 petulo anakhala pa K2,530 pa lita kwa pafupifupi zaka ziwiri. Kwa munthu wa ku Chipata amene wasintha ndalama yake pa mtengo wa pamsewu, lita imeneyo inali yotchipa kwambiri kuposa ya kwawo, motero zigubu zinkawoloka malire kudzera m'njira zachidule pamene ife tinkagona pamizere. Kodi amene anapanga phindu limeneli ndi wakabaza wonyamula zigubu, kapena amene anaika mtengo wosagwirizana ndi zenizeni? Ife a kuno timadziwa kuti malire athu ndi Zambia ndi minda, madambo ndi abale okwatirana mbali zonse ziwiri. Apurezidenti Chakwera ndi Hichilema anatsegula nyumba yatsopano ya pa boda ya Mwami mu Disembala 2022, yokongola ndithu, koma palibe geti limene lingaletse katundu kutsata kumene kuli mtengo wabwino. Soya ndi mtedza wathu zimatsatanso njira yomweyo.

Pano wina andidula mawu: ndiye ukufuna kwacha igwetsedwenso? Tinayesa kawiri, ndipo taona mmene shuga, sopo ndi mafuta ophikira zinakwerera, malipiro ali pomwepo. Mfundo imeneyi ndi yolemera, ndipo ndikuimva m'thupi mwanga monga aliyense. Koma ikutsimikiza zimene ndikunena m'malo mozigwetsa. Kugwetsa kwacha mu 2022 ndi mu 2023 sikunachize kanthu chifukwa nthenda yeniyeni sinakhudzidwe. Dziko lathu limagula kunja katundu wa madola pafupifupi 3 biliyoni pachaka, pamene limagulitsa wa pafupifupi 1 biliyoni yokha. Mafuta, feteleza, mankhwala a m'zipatala, ngakhale kaunjika, zonse zimafuna dola. Pamwamba pa apo boma limawononga ndalama zoposa zimene limatolera n'kumakongola m'mabanki a m'dziko momwemuno, kwacha n'kumachuluka m'manja mwa anthu pamene madola ali omwe aja. Banja lililonse la kumudzi limadziwa mathero a nyumba imene imakolola ngolo imodzi koma imadya zitatu. Bungwe la IMF linavomera mu Novembala 2023 kutibwereka madola pafupifupi 175 miliyoni pa zaka zinayi, koma mgwirizanowo unatha mu Meyi 2025 titalandira 35 miliyoni zokha. Sindikuiwala namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, kapena ng'amba ya 2024 imene inachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Zimenezo palibe mtsogoleri anaziitana. Koma mtengo wa pamsewu unkasonkhanitsa zonsezi, za mvula ndi za anthu zomwe, n'kuziika mu nambala imodzi imene aliyense angaimve. Choncho sindikunena kuti kugwetsa kwacha ndi mankhwala. Ndikunena kuti kuimika nambala pakhoma si mankhwalanso, ndipo amene amavulala nako kwambiri ndi mlimi wogulitsa kunja, yemweyo amene tikumudalira kuti atibweretsere madola.

Tsopano za kafukufuku. Mu Ogasiti 2024 a Afrobarometer, amene kuno ntchito yawo imayendetsedwa ndi Centre for Social Research ya ku University of Malawi ku Zomba, anafunsa anthu chipani chimene akanavotera, ndipo 43 mwa 100 aliwonse anatchula DPP, 29 anatchula MCP. Chisankho chitayandikira, bungwe la IPOR, nalonso la ku Zomba, linatulutsa zotsatira kawiri. Koyamba a Peter Mutharika anali ndi 43 peresenti, a Lazarus Chakwera 26. Kachiwiri a Mutharika 41, a Chakwera 31. Kuno kwathu ambiri anapsa mtima n'kunena kuti ndi bodza la otsutsa. Mavoti atawerengedwa, a Mutharika anapeza 56.8 peresenti, a Chakwera 33, ndipo a Chakwera anavomera kugonja pa 24 Seputembala bungwe la MEC lisanalengeze n'komwe. Onani mmene nambala ya a Chakwera inayandikirira: 31 pa kafukufuku, 33 m'bokosi. Ya a Mutharika inakula chifukwa pa kafukufuku panali anthu ambiri amene anati sanaganize, ena anakana kuyankha, ndipo pa tsiku lovota ochuluka mwa iwo, pamodzi ndi ena amene ankakonda zipani zing'onozing'ono, anapita kwa amene ankaoneka kuti angathe kuchotsa boma.

Chodandaula chimene ndimachimva kwambiri ndi chakuti, "Ine sanandifunse, m'mudzi mwathu sanafikemo, ndiye anthu 1,200 angayankhulire bwanji dziko lonse?" Ili ndi funso labwino ndipo siliyenera kusekedwa. Yankho lake lili pa sikelo ya mtedza. Venda akamagula thumba saliwerenga njere imodziimodzi. Amapisa dzanja pamwamba, pakati ndi pansi, n'kuona ngati mtedzawo ndi wouma, wofumbwa kapena wosakaniza ndi mphwephwa. Akapisa pamwamba pokha apusitsidwa, pakuti wogulitsa wochenjera amaika wabwino pamwamba. Luso lonse lagona pa kupisa malo osiyanasiyana mosakondera. Ofufuza enieni amachita chimodzimodzi: midzi ndi madera amazisankha mwa maere kuchokera m'kaundula wa kalembera wa anthu, chigawo chilichonse chimalandira gawo lofanana ndi kuchuluka kwa anthu ake, amayi ndi abambo amafunsidwa mofanana, ndipo amafunsa m'chiyankhulo cha munthuyo pakhomo pake. Akatero, anthu 1,200 amapereka chithunzi chimene chingaphonye ndi mapointi atatu okha kupita kumwamba kapena kumunsi. Chimene ndikuchenjeza ndi china: "kafukufuku" wa pa Facebook ndi pa WhatsApp, kumene amavota ndi okhawo ali ndi foni ya intaneti ndi bandulo, ndiye kupisa pamwamba pa thumba kuja. Agogo a kwa Mavwere amene sanaphonyepo chisankho kuyambira referendamu ya 1993 mulibemo m'menemo. Wobweretsa manambala tizimufunsa kuti anafunsa anthu angati, kuti, liti, ndipo ndalama anampatsa ndani. Akazemba mafunso amenewa, timusiye.

Nanga zoti anagulidwa? Tikumbuke bwino. Mu 2014 a Afrobarometer anaonetsa kuti a Mutharika, amene anali otsutsa, ali patsogolo, ndipo amene anakwiya anali a chipani cholamula cha mayi Joyce Banda, amene anathera pa nambala yachitatu. Mu 2020, khoti litafafaniza chisankho cha 2019, a IPOR omwewa anaonetsa kuti a Chakwera apambana chisankho chobwereza cha pa 23 Juni, ndipo nthawi imeneyo ife a kuno tinaomba m'manja pamene a DPP ankati ndi bodza. A Chakwera anapambanadi ndi mavoti oposa 58 peresenti. Ofufuza ndi omwewo, njira ndi yomweyo, chimene chinasintha ndi amene uthengawo unamuwawa. Ndipo khamu la pamsonkhano, limene andale amalikhulupirira kwambiri, tonse timadziwa mmene limapangidwira: malole onyamula anthu, nsalu, zovina, ana asukulu, ndi kandalama ka pobwerera. Mayi mmodzi akhoza kukhala ndi nsalu za zipani zitatu m'sutikesi mwake, koma m'kachipinda kovotera amachonga malo amodzi. Zoti manambala anasokoneza ovota ndingavomereze pang'ono pokha, kuti wina wokonda chipani chaching'ono akhoza kusamukira kwa wamphamvu ataona kuti wake alibe mwayi. Koma mayi amene wagona ndi njala safuna wailesi kuti imuuze kuti zinthu zavuta.

Mfundo yolimba kuposa zonse yotsutsana nane ndi iyi: Amalawi savotera chuma, amavotera kwawo. Umboni wake ndi ife tomwe. Kuno ku Mchinji ndi ku Kasungu, kumene mlimi wa fodya anapsa kwambiri ndi mitengo iwiri ija, ambiri anavoterabe a Chakwera. Sindingakane. Tambala wakuda ali ndi mizu yakuya m'chigawo chapakati kuyambira nthawi ya Kamuzu, monga mmene DPP ilili ku Thyolo ndi ku Mulanje. Koma ngati kwawo kwa munthu kukanakhala chilichonse, zotsatira za 2020 ndi za 2025 zikanafanana, pakuti anthu sanasamuke m'maboma mwawo ndipo opikisana akuluakulu anali awiri omwewo. Mtsogoleri mmodzi anachoka pa 58 kufika pa 33 peresenti m'zaka zisanu. Kumpoto, kumene mu 2020 anavotera mgwirizano wa Tonse ndi mtima wonse, ambiri anatembenuka. M'mizinda, kumene mavenda a kaunjika anaguba kupita ku Nyumba ya Malamulo mu Febuluwale 2025 chifukwa mtengo wa belo unkakwera sabata ndi sabata, namonso zinasintha. Pali zifukwa zinanso, monga kutha kwa mgwirizano ndi UTM a Saulos Chilima atamwalira pa ngozi ya ndege mu Juni 2024, ndi nkhani za katangale. Komabe mmene ndikuonera, kwawo kwa munthu kumapatsa chipani mavoti oyambira, ndipo chiyambire lamulo lakuti wopambana apose theka la mavoti, oyambirawo sakwanira. Otsalawo amagamulidwa ndi mtengo wa chimanga, mzere wa mafuta ndi thumba la feteleza, ndipo zitatu zonsezi zamangidwa ku dola.

Izi sizinayambe ndi a Chakwera, ndipo n'chifukwa chake ndikukana kuti nkhaniyi ikhale ya chipani. A Bingu wa Mutharika, amene anapambana mwamphamvu mu 2009, anakakamira kwacha pa mtengo wosakwana K170 pamene pamsewu dola inkayandikira K300. Mafuta anasowa, ndipo pa 20 Julaye 2011 anthu anapita mumsewu, 20 n'kutaya miyoyo. Mayi Joyce Banda atalowa anaimasula kwacha mu Meyi 2012 kufika cha pa K250, mafuta anabwerera m'mapampu, koma mitengo inakwera, Cashgate inatulukira mu 2013, ndipo ovota anawachotsa. Wina anaimanga, wina anaimasula, onse anapsa, chifukwa palibe amene anasintha zoti timagula kunja zambiri kuposa zimene timagulitsa. Boma lililonse limene lili pampando lapeza mpata womwewo pakati pa mitengo iwiri, ndipo ofufuza a ku Zomba adzabweranso m'midzi ndi mafunso awo.

Zimene ndikupempha n'zochepa ndipo n'zotheka. Reserve Bank izitiuza poyera mwezi uliwonse kuti madola otchipa a kubanki apita ku katundu wanji ndiponso ochuluka bwanji, kuti tione ngati akupitadi ku mafuta, feteleza ndi mankhwala. Mlimi wogulitsa fodya, soya kapena mtedza kunja apatsidwe mtengo wosinthira woyandikira umene amagulira zipangizo zake, apo ayi aloledwe kusunga gawo la madola ake kuti agulire feteleza mwachindunji kudzera m'makalabu ndi m'makopaletivi. Ndipo aphungu athu a kuno, kafukufuku wotsatira akadzatuluka, asadzathamangire ku wailesi kukatukwana ofufuza. Adzatsegule masamba a m'kati, amene amanena kuti ndi mabanja angati anagona osadya chaka chimenecho ndiponso ndi angati akuti dziko likulowera kolakwika, kenako adzabwere nawo ku msonkhano wa pa Kapiri kapena pa Waliranji kuti tidzakambirane msika wa fodya usanatsegulidwe.